Lewis Mataka Bandawe: Mkulu Amene Anabwezera Alhomwe Dzina Lawo

Kale, munthu wochokera kutsidya la Ruo akafika m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, ankalembedwa ndi dzina limene makolo ake sanampatse. Ankamutcha Mnguru. Anali atathawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, nadzagwa m'thangata. Ankathyola masamba kuyambira mame asanakamuke, ndipo akamwalira ankaikidwa m'nthaka ya mwini esiteti. Ana a ku Chimaliro ndi ku Goliati amene lero amavina tchopa mosachita manyazi ayenera kudziwa mmodzi wa amene anawachotsera chitonzo chimenecho.

Bambo Lewis Mataka Bandawe anabadwa cha m'ma 1887 m'dziko la Alhomwe ku Mozambique. Kuwerenga anakudziwa kudzera mwa a John Gray Kufa, mthandizi wa zachipatala wa Blantyre Mission amene anatumidwa kukayamba ntchito ya Mulungu kumeneko. Akadali mnyamata anabwera ku Blantyre, kumene anaphunzira nakhala mphunzitsi.

Mnzawo wina akadakhazikika pomwepo, pafupi ndi tchalitchi cha njerwa ndi malipiro odziwika. Iwo m'chaka cha 1913 anabwerera kwawo kukatumikira pa mishoni ya Mihecani, imene mpingo wa Church of Scotland unatsegula pakati pa Alhomwe. Posakhalitsa dziko linagwedezeka. Nkhondo yaikulu inabuka mu 1914, ndipo mu 1915 a Kufa, amene anawatsegulira khomo la sukulu, anaphedwa ndi boma la atsamunda chifukwa cha kuukira kwa a John Chilembwe. Munthu amene waona mphunzitsi wake akuzimitsidwa ngati nyali sachedwa kuzindikira kuti masiku a munthu ndi obwereka. Ena kuzindikira kotere kumawafooketsa manja. A Bandawe sanachoke pa ntchito. Anakhala ku Mihecani mpaka 1928.

Ntchito yawo yaikulu m'zaka zimenezo inali yachete. Anagwira nawo ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, chimene chinasindikizidwa cha m'ma 1930. Amene sanayesepo kumasulira angaione ngati yopepuka. Komatu womasulira amatha tsiku lonse akusinkhasinkha liwu limodzi, kufunafuna mmene agogo akumudzi angamvere za chisomo, za chikhululukiro, za kuuka kwa akufa, m'mawu amene amatchulira nandolo ndi kalongonda. Apa m'pamene panagona nzeru za mkuluyu. Chilankhulo chimene anthu ankachiseka pamsika ndi pa sikelo ya tiyi, iwo anachiyesa choyenera kunyamula Mawu a Mulungu. Ndipo ngati Mulungu amamva Chilhomwe, ndani angachinyoze?

Atabwerera ku Nyasaland anagwira ntchito ya ukalaliki ndi yotanthauzira ku khoti lalikulu ku Blantyre kwa zaka zambiri. Tsono amene kale ankasankha mawu a Uthenga Wabwino anayamba kusankha mawu a milandu, kumene liwu lopotoka likhoza kumangitsa wosalakwa.

M'chaka cha 1943 anatsogolera kukhazikitsa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association. Pempho lawo linali lalifupi koma lolemera: dzina lonyoza lija lichoke m'makalata a boma, anthu atchedwe Alhomwe. Boma linavomera. Thangata silinathe tsiku limenelo ayi. Mkwiyo wa pa nkhani ya malo unadzaphulika ku Thyolo mu 1953. Koma wothyola tiyi anayamba kuyankha ku dzina lake lenileni, zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi Mulhako wa Alhomwe usanayambe kusonkhanitsa anthu pa Chonde.

Ali okalamba anasimba za moyo wawo, ndipo buku lawo la Memoirs of a Malawian, lokonzedwa ndi katswiri wa mbiri yakale Bridglal Pachai, linatuluka mu 1971.