Zélie Martin, mayi wa mwana wodwaladwala

Tikalawirira pamsika wa Mitundu kapena pasiteji ya Nathenje, nthawi zambiri timaona mayi atabereka mwana amene adapitirira kale msinkhu wa kumbuyo. Ulendo ndi wa kuchipatala, ndipo si woyamba, pakuti khunyu kapena mphumu zidamanga msasa m'nyumba mwake. Lero tikumbukire mayi wina amene adayenda njira yomweyo, Zélie Martin wa ku Alençon m'dziko la France.

Ambirife timamudziwa ngati mayi wake wa Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Adabadwa mu 1831, nakwatiwa mu 1858 ndi Louis Martin, mmisiri wa mawotchi. Mulungu adawapatsa ana 9, koma anayi adawaika m'manda pakati pa 1867 ndi 1870. Komabe amene adamusowetsa tulo zaka zambiri ndi mwana wachitatu, Léonie, wobadwa mu 1863.

Ali khanda, Léonie adadwala chifuwa chokoka mtima, chikuku ndi kukomoka, ndipo zilonda zoyabwa zidamukuta thupi lonse. Kwa miyezi yoposa 12 makolowo ankangoti mwina sikucha. Louis adayenda wapansi kukapemphera ku tchalitchi cha Amayi Maria ku Sées, pamene Zélie adalembera mkulu wake, sisitere wa ku Le Mans, kuti awathandize mapemphero. Mwanayo adapulumuka, koma nthenda ya pakhungu idakhala naye moyo wake wonse. Adakula wovutika kumva maphunziro ndiponso wa mtima wapachala, mwakuti masisitere adamubweza kusukulu kangapo.

M'makalata ake, amene oposa 200 adasungidwa, Zélie sabisa kuti ankatopa ndi kuti mwana wakeyu ankamusowetsa pogwira. Ife timaona ngati apa ndi pamene afanana kwambiri ndi bambo uja wa pa Marko 9, amene adabwera kwa Yesu ndi mwana wodwala chiyambire ubwana, chikhulupiriro ndi kukayika zili mumtima umodzi. Ntchito sadaisiye: ankayendetsa bizinesi yoluka nsalu zamaluwa, ndipo mu 1870 mwamuna wake adagulitsa shopu ya mawotchi kuti azimuthandiza. Abambo a kwathu kuno alingalirepo, chifukwa kawirikawiri mwana akadwalitsa timatulira mayi mtolo wonse, achibale n'kuyamba kufunafuna amene adalodza.

Chowawa kwambiri chidaululika kumayambiriro kwa 1877. Marie, mwana wachisamba, adazindikira kuti wantchito wa m'nyumba wakhala akumuopseza ndi kumumenya Léonie mobisa kwa zaka, ndipo n'chifukwa chake mwanayo ankathawa mayi wake. Nyumba yopemphera, mayi wachikondi, koma nkhanza zinkachitika pansi pa denga lomwelo iye osaona. Amene timasiyira ena mwana wodwala popita kumunda kapena kuokushoni, nkhaniyi isatipitirire.

Pa nthawiyo n'kuti Zélie akudwala kale khansa ya m'mawere. Mphamvu zimene zidamutsalira adazithera pa Léonie, ndipo ankapempha Mulungu kuti amuonjezere masiku pofuna kumaliza kulera mwana ameneyu. Mu June chaka chomwecho adapita ku Lourdes pamodzi ndi Marie, Pauline ndi Léonie, koma adabwerako osachira. Adamwalira pa 28 August 1877 ali ndi zaka 45. Léonie adali ndi zaka 14, Tereza zinayi zokha.

Léonie adayesa katatu moyo wa usisitere nabwerera kunyumba. Mu 1899 adalowanso, ku Caen, ndipo ulendo uno adakhazikika mpaka imfa yake mu 1941, ali ndi zaka 78. Mwana amene ankamuyembekezera kufa ali kuchikuta adakhala zaka 64 mayi wake atapita. Pa 18 October 2015 Papa Francis adalengeza kuti Louis ndi Zélie Martin ndi oyera, mwamuna ndi mkazi wake pa mwambo umodzi.