Elizabeth Garrett Anderson: Atangokhoza mayeso, adasintha malamulo

Nzeru adali nazo, ndalama za sukulu bambo ake adali nazo, koma chiphaso chomuloleza kugwira ntchito ya udokotala chidamuvutitsa zaka zisanu Elizabeth Garrett Anderson.

Mayiyu adabadwa m'chaka cha 1836 mumzinda wa London ku England. Masiku amenewo mkazi m'chipatala ankathera pa unamwino basi. Iye adayamba ngati namwino pachipatala cha Middlesex mu 1860, uku akulowa nawo m'kalasi ya ophunzira udokotala. Koma mu 1861 anyamata a m'kalasimo adalemba kalata yodandaula kwa akuluakulu, ndipo Elizabeth adamuletsa kuphunzira nawo. Sukulu zaukachenjede za Oxford, Cambridge ndi London nazonso zidamukana.

Mpata udapezeka kubungwe la Society of Apothecaries, lomwe linkalembetsa mayeso ndi kupereka ziphaso zochizira odwala. Malamulo a bungweli sadaletse mkazi kulemba mayeso, mwina poti amene adawalemba sankalota n'komwe kuti mkazi angabwere. Elizabeth adalipira aphunzitsi apadera mpaka kumaliza maphunziro onse ofunika. Itakwana nthawi ya mayeso bungwelo lidayamba kuzemba, koma bambo ake, a Newson Garrett, omwe adali abizinesi ku Aldeburgh, adaopseza kuti akasuma kukhoti. Mu 1865 adalemba mayesowo ndipo adakhoza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti posakhalitsa bungwelo lidasintha malamulo: wolemba mayeso azikhala wochokera kusukulu yovomerezeka ya udokotala. Sukulu zimenezo sizinkalandira akazi. Choncho atsikana omwe ankafuna kutsata mapazi ake adapeza khomo lotseka, popanda wowauza kuti akanidwa chifukwa ndi akazi.

Zipatala sizidafune kumulemba ntchito, ndiye mu 1866 adatsegula malo akeake othandizirapo amayi ndi ana, omwe mu 1872 adasanduka chipatala cha New Hospital for Women. Digiri ya udokotala adakaitenga ku Paris mu 1870, ndipo mayeso ake adalemba m'Chifalansa.

Zomwe zija zidachitikanso kubungwe la madokotala la British Medical Association. Lidamulandira mu 1873, kenaka n'kugwirizana kuti lisalandirenso mkazi wina. Adakhala mkazi yekhayo m'bungwemo zaka 19.

Mu 1874, pamodzi ndi Sophia Jex-Blake ndi anzawo ena, adakhazikitsa sukulu ya udokotala ya akazi mu London, ndipo iye adakhala mkulu wa sukuluyi kuyambira 1883. Nyumba ya malamulo idavomereza mu 1876 kuti mabungwe opereka ziphaso angathe kulembetsa mayeso akazi, ngakhale sidawakakamize kutero.

Atapuma pantchito adasankhidwa kukhala meya wa Aldeburgh mu 1908, mkazi woyamba paudindowu ku England. Adamwalira mu Disembala 1917 ali ndi zaka 81, ndipo chaka chotsatira chipatala chake chija adachitcha dzina lake.