John Chilembwe, Mbusa Amene Manda Ake Sadziŵika

Mwa mwambo wathu, munthu wotchuka akatsikira kuli chete, anthu amasamala manda ake, amalambulapo, ndipo ana amasonyezedwa pamene wagona. Mbusa John Chilembwe, mwana wa ku Chiradzulu, dziko la mafumu monga Mpama ndi Kadewere, sanalandire ulemu umenewu.

Iye anabadwa cha m'ma 1871. Mu 1892 anayamba kugwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, amene mu 1897 anamtenga kupita naye ku America. Kumeneko anaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900, anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission pa Mbombwe, natsegula sukulu, namanganso tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Chimene chinamŵaŵa mtima koposa chinali thangata. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero anthu anali kulima popanda malipiro oyenera, ndipo matchalitchi a udzu amene akhristu ake anamanga kumeneko anatenthedwa. Nkhondo itabuka mu 1914, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera mkangano umene suli wawo. Boma silinamumvere.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira Magomero napha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Kuukirako sikunapite patali. Asilikali anaphwasula tchalitchi cha pa Mbombwe ndi mabomba, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa kudera la Mulanje akuthaŵira ku Mozambique.

Apa ndi pamene atsamunda anaonetsa mantha awo. Anamuika mwachinsinsi, osaikapo chizindikiro chilichonse, poopa kuti mandawo angasanduke malo osonkhanirapo anthu. Koma chinsinsicho chinabala mphekesera: kwa zaka zambiri ena ankakhulupirira kuti mbusayo sanafe, kuti anathaŵa ndipo adzabweranso.

Popeza manda palibe, chikumbutso chonse chinatsamira pa Mbombwe. Dr Daniel Sharpe Malekebu anatsegulanso mishoniyo mu 1926, namanga tchalitchi china. Lero malowo ali m'gulu la malo a mbiri yakale otetezedwa ndi boma, ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse anthu amasonkhana pamenepo kupemphera, pafupi ndi pamene panali tchalitchi chimene chinagwetsedwa chija.