Mayi Arlene Francis, mtsogoleri wa mipikisano ya pa wailesi ndi pa kanema

Lero tikuuzani mbiri ya mayi wina wa ku America amene anamwalira mu 2001. Dzina lawo ndi Arlene Francis. Dzinali ndi lachilendo kuno kwathu, koma aliyense amene anaonapo mayi akutsogolera mpikisano wa mafunso pa wailesi ya kanema anaona ntchito imene mayiwa anali mmodzi mwa oiyambitsa. Pamene kanema inkayamba ku Maputo mu 1981, n'kuti iwo atatha kale zaka zoposa 30 akuonekera pa kanema kwawoko.

Anabadwa pa 20 Okutobala 1907 mumzinda wa Boston, ndipo dzina lawo lobadwa nalo linali Arline Francis Kazanjian. Bambo awo, a Aram Kazanjian, anali a mtundu wa ku Armenia. Ali mnyamata anapita ku Paris kukaphunzira zojambula, ndipo ali komweko analandira uthenga woti makolo awo aphedwa pa chipwirikiti chimene anthu a mtundu wawo ankaphedwa mu ufumu wa Turkey. Sanabwererenso kumudzi. Anawoloka nyanja kupita ku America kumene anayamba ntchito yojambula anthu zithunzi, nakwatira mayi Leah Davis. Ife a kumalire, amene tinaona abale athu akuthawira ku Malawi ndi ku Zambia m'zaka za nkhondo, sitifunika kuuzidwa kuti bambo wotere amalera bwanji mwana wake. Arlene anali mwana mmodzi yekha, ndipo bamboyo ankafuna kuti akhale ndi moyo wokhazikika.

Banjalo linasamukira ku New York mtsikanayo ali ndi zaka 7. Iye mtima wake unali pa zisudzo, bambo ake sankafuna kumva n'komwe. Anamutumiza ku sukulu ya atsikana ya Finch, kenaka anamutsegulira sitolo yogulitsa timphatso kuti mwina aiwale. Sitoloyo inagwa, ndipo mwanayo sanaiwale. Mu 1928 anali ataonekera kale m'sewero la La Gringa ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York. Mu 1932 anapatsidwa kagawo kakang'ono mufilimu ya Murders in the Rue Morgue, mmene munali Bela Lugosi. Pambuyo pake anasewera m'gulu la Orson Welles.

Koma chimene chinawakweza Mayi Francis ndi wailesi. Mawu awo anali otsika, omveka bwino, ndipo ankatha kusintha kalankhulidwe kuti amveke ngati munthu wina. Mu 1938 anayamba kutsogolera mpikisano wotchedwa What's My Name? pamodzi ndi a Budd Hulick. Otsogolerawo ankayerekeza kukhala munthu wina wotchuka, n'kumapereka zizindikiro pang'onopang'ono, ndipo wopikisana ankayenera kutchula dzina la munthuyo. Tinganene kuti zinali ndagi zimene timaponyerana madzulo pamoto, kusiyana kwake n'koti kumeneko wolasa ankapita kwawo ndi ndalama. Masiku amenewo nthawi zambiri mayi pa wailesi ankayimba nyimbo kapena kusewera chisudzo. Kugwira pulogalamu yonse, kusunga nthawi, kulimbitsa mtima wopikisana amene wagwidwa mantha pa maikolofoni, zonsezo zinkatengedwa kuti ndi ntchito ya abambo.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, anapatsidwa pulogalamu yawoyawo yotchedwa Blind Date. Asilikali achinyamata ankabwera mu situdiyo n'kumalankhula pa telefoni ndi mtsikana amene sankamuona chifukwa panali chotchinga pakati. Mtsikanayo ankasankha amene wamukoma m'makutu, ndipo opambanawo ankaperekezedwa kukadya ku Stork Club, malo odyera otchuka ku New York. Kuno kwathu ankhoswe akanagwira pakamwa. Komabe tiyenera kukumbukira kuti anyamatawo anali kutali ndi kwawo, ena anali pa ulendo wa kunkhondo, ndipo Mayi Francis ankawatenga ngati achimwene awo, osawachititsa manyazi pofuna kuseketsa omvera. Mu 1949 pulogalamuyi inasamukira pa kanema ya ABC, iwo ali mtsogoleri. N'chifukwa chake ambiri amawawerengera kuti ndiwo mayi woyamba kutsogolera mpikisano pa wailesi ya kanema ku America.

Pulogalamu imene anthu amawakumbukira nayo kwambiri ndi What's My Line? imene inayamba pa 2 Febuluwale 1950 pa kanema ya CBS. Anaikonza ndi a Mark Goodson ndi a Bill Todman. Mayi Francis analowamo pa chigawo chachiwiri, ndipo anakhalamo zaka 25. Apa sanali mtsogoleri. Mtsogoleri anali a John Charles Daly, amene anabadwira ku Johannesburg mu 1914. Mayiwa anali mmodzi mwa anthu anayi okhala pa tebulo, pamodzi ndi mtolankhani Dorothy Kilgallen ndi wosindikiza mabuku Bennett Cerf.

Masewerawo ankayenda chonchi. Mlendo ankalowa, n'kulemba dzina lake pa bolodi. Oonera kunyumba ankauzidwa ntchito yake, koma anayi aja ayi. Iwo ankafunsa mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi okha. Mlendo akayankha kuti ayi, ankapeza madola 5 ndipo mwayi wofunsa unkapita kwa wina. Ma ayi akakwana 10, mlendo wapambana madola 50. Ndalamazo zinali zochepa poyerekeza ndi za mipikisano ina, ndipo anthu sankaonera chifukwa cha ndalama. Ankafuna kuona anthu ophunzira, ovala bwino, akusokonezeka ndi munthu woweta nyongolotsi kapena mayi woyendetsa galimoto yaikulu. Chakumapeto kunkabwera mlendo wotchuka, anayi aja atamangidwa m'maso, iye n'kumasintha mawu kuti asamuzindikire. Apa khutu la pa wailesi linkawathandiza Mayi Francis. Ankamvetsera kapumidwe ndi kasekedwe ka munthu kuposa zimene wanena.

Pulogalamuyi inkaulutsidwa Lamlungu usiku, nthawi zambiri pompopompo, popanda kujambula kaye. Amene anakhalapo kutsogolo kwa maikolofoni yotsegula akudziwa kuti mawu akatuluka sabwezeka. Mayi Kilgallen ankafunsa ngati loya m'khoti, ndipo kupambana kunali pamtima pawo. Mayi Francis ankafunsa mwanzeru chimodzimodzi, koma akalephera ankayamba ndiwo kuseka. Ine ndimaona kuti luso lalikulu linali pamenepa: mlendo wosauka amene sanaonepo kamera ankatuluka mu situdiyo ulemu wake uli wonse.

Kuyambira 1954 mpaka 1957 anatsogoleranso pulogalamu ya Home pa kanema ya NBC, ya ola lathunthu masiku a ntchito, yokamba za pakhomo, za umoyo ndi nkhani za m'dziko. Magazini ya Newsweek inaika chithunzi chawo pachikuto. Zisudzo sanasiye, ndipo mu 1961 anasewera ngati mkazi wa James Cagney mufilimu ya One, Two, Three ya Billy Wilder.

Ukwati wawo woyamba, ndi a Neil Agnew, unatha mu 1945. Mu 1946 anakwatiwa ndi katswiri wa zisudzo Martin Gabel, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Peter, anabadwa mu 1947. A Gabel anawagulira mkanda wokhala ndi kamtima ka miyala ya dayamondi. Ankauvala pafupifupi nthawi zonse akamaonekera pa kanema, mpaka amayi ambiri ku America anayamba kufuna wofanana nawo.

Moyo wawo unali ndi mabala awiri aakulu. Mu 1960, iwo ali kutali ndi nyumba, chitsulo cholemera chonyamula pochita masewera olimbitsa thupi, chimene chinaikidwa pa windo la nyumba yawo yosanja ku New York, chinagwera mumsewu n'kupha bambo wina wa ku Detroit amene anabwera mumzindamo kudzacheza ndi mkazi wake. Banja la a Gabel linalipira chipukuta misozi. Mu 1963 galimoto imene Mayi Francis ankayendetsa kukugwa mvula inatsetsereka n'kuwombana ndi ina, ndipo mayi wina anafa. Iwo anathyoka fupa la paphewa navulala m'mutu. Atachira anabwerera pa mpando wawo, akumwetulira monga ntchitoyo inkafunira. Mu 1965 mnzawo wa pa tebulo, Mayi Kilgallen, anapezeka atamwalira kunyumba kwawo patangopita maola ochepa chiulutsireni pulogalamu.

CBS inatseka What's My Line? mu Sepitembala 1967. Chaka chotsatira inayambiranso pa makanema ena, ndipo Mayi Francis anapitiriza nayo mpaka 1975. Wailesi sanaitaye: kuyambira cha m'ma 1960 anali ndi pulogalamu yocheza ndi alendo pa siteshoni ya WOR ku New York, ndipo anaigwira zaka zoposa 20. Mu 1978 anatulutsa buku la mbiri ya moyo wawo. Mu 1986 a Gabel anamwalira.

Mu 1988, akutsika mu takisi ku New York, mbava inawatsomphola mkanda wa kamtima uja. Anali ndi zaka 80. M'zaka zotsatira anayamba kudwala matenda oiwalitsa a Alzheimer, ndipo anasamukira ku San Francisco kuti akhale pafupi ndi mwana wawo. Anadwalanso khansa. Anamwalira komweko pa 31 Meyi 2001 ali ndi zaka 93.