Ibn al-Haytham: Msilamu amene anatiphunzitsa kuyesa tisanavomereze

Usiku wopanda mwezi tikaima pamchenga ku Chintheche, timaona nyali za asodzi a usipa zitandanda patali panyanja ngati mudzi wina. Mwana akatifunsa kuti zikutheka bwanji kuona nyali imene ili kutali chotero, ambirife timangoyankha kuti tili ndi maso. Komatu funso limeneli linazunguza anthu ophunzira kwa zaka zoposa 1,000, ndipo amene analiyankha ndi umboni wogwirika anali Msilamu wa ku Basra, Ibn al-Haytham, Allah amuchitire chifundo. Njira imene anapezera yankholo ndi yomwe ana athu akuphunzira lero mu Biology ku sekondale: kuona chinthu, kufunsa, kuganizira yankho, kuliyesa, ndi kulemba zimene zatuluka mosawonjezera kapena kuchotsera.

Ubwana wake ku Basra

Dzina lake lonse ndi Abu Ali al-Hasan ibn al-Hasan ibn al-Haytham. Anabadwa cha m'ma 965, chomwe ndi chaka cha 354 pa kalendala ya Hijra, mumzinda wa Basra womwe lero uli m'dziko la Iraq. Nthawi imeneyo mabuku ambiri a Agiriki a masamu, zamankhwala ndi zakuthambo anali atamasuliridwa kale m'Chiarabu. Ibn al-Haytham anawerenga mabuku a Euclid, Ptolemy, Aristotle ndi Galen, ndipo anatchuka pa masamu mpaka mbiri yake inafika ku Egypt.

Lonjezo la pa mtsinje wa Nile

Moyo wa anthu a ku Egypt unkadalira mtsinje wa Nile, monga momwe ife timadalirira nyanja. Madzi akasefukira pang'ono kunkagwa njala, akasefukira kwambiri minda ndi nyumba zinkaonongeka. Wolemba mbiri wina, Ibn al-Qifti, akufotokoza kuti Ibn al-Haytham ali ku Basra ananena kuti atapatsidwa mpata akhoza kuwongolera madzi a mtsinjewo. Mawuwa anamufika Khalifa al-Hakim, amene analamulira Egypt kuyambira 996 mpaka 1021, ndipo anamuitanitsa.

Ibn al-Haytham ananyamuka ndi amisiri kulowera kum'mwera, kutsata mtsinje mpaka pa mathithi a kufupi ndi Aswan. M'njira anaona zinyumba zikuluzikulu za miyala zimene anthu akale a ku Egypt anamanga, ndipo anayamba kudzifunsa chifukwa chimene amisiri aluso chotero sanachitire zimene iye ankalonjeza. Atafika pamalopo n'kuona kukula kwa mtsinje ndi mphamvu ya madzi, anazindikira kuti maganizo amene anali nawo ku Basra sakanatheka ndi zipangizo za nthawiyo.

Apa mpamene panali mayeso aakulu a moyo wake. Al-Hakim ankadziwika kuti sachedwa kupha nduna zimene zamukhumudwitsa. Munthu wina akanayamba ntchitoyo ndithu, kudya chuma cha boma ndi kutopetsa anthu kwa zaka, podikira kuti mwina mfumu ifa kapena iiwala. Ibn al-Haytham anabwerera ku Cairo n'kukavomera kuti zimene ananena sizingatheke. Damu loyamba pa Aswan linadzamalizidwa mu 1902, ndipo lalikulu lija mu 1970, patapita zaka pafupifupi 950.

Al-Hakim anamupatsa ntchito ya muofesi, koma mantha sanamuthere. Ibn al-Qifti akuti pofuna kupulumutsa moyo wake anadzipangitsa misala, ndipo anamutsekera m'nyumba n'kumulanda katundu mpaka ulamuliro wa al-Hakim utatha mu 1021. Atamasulidwa anakakhala pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar, ndipo ankapeza chakudya pokopera pamanja mabuku a Euclid ndi Ptolemy n'kumagulitsa. Moyo wake unali wosalira zambiri, ndipo nthawi yotsala ankaithera pophunzitsa, kuyesa zinthu ndi kulemba.

Kodi timaona bwanji?

Buku lake lalikulu ndi Kitab al-Manazir, la magawo 7, lonena za kuwala ndi kapenyedwe ka maso. Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti m'maso mwathu mumatuluka cheza chimene chimakakhudza chinthu, ndipo n'chifukwa chake timachiona. Ena ankati chinachake chimachoka pa chinthucho n'kulowa m'diso, koma sankatha kufotokoza bwino momwe zimachitikira. Mbali iliyonse inali ndi mayina akuluakulu oikira kumbuyo.

Ibn al-Haytham anayambira pa zinthu zimene munthu aliyense angathe kuzitsimikiza yekha. Kuwala kwamphamvu kukafika m'maso, maso amapweteka. Munthu akayang'anitsitsa chinthu chowala n'kutembenukira kumdima, chithunzi chake chimatsalira m'maso kwa kanthawi. Zonsezi zikusonyeza kuti pali china chochokera kunja chimene chikugwira ntchito pa diso.

Kenaka anayesa. Anaika nyali zingapo m'malo osiyanasiyana kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi. Pakhoma la mkati panaoneka madontho a kuwala ofanana ndi chiwerengero cha nyalizo. Ataphimba nyali imodzi, dontho limodzi lokha loyang'anizana nayo linazimirira. Atavundukula, dontholo linabwerera pamalo pake. Anatero ndi nyali iliyonse. Apa anasonyeza kuti kuwala kumayenda molunjika kuchokera pa chinthu, ndiponso kuti kuwala kwa nyali zosiyana kumadutsa pa kabowo kamodzi osasokonezana.

Tionetsetse zimene anachita. Anasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya momwe zinalili. Anabwezera chinthucho kuti aone ngati zotsatira zibwerera. Anabwereza kangapo. Ndipo analemba zonse mwatsatanetsatane, ndi miyeso ya zipangizo zake, kuti wowerenga akayese yekha m'malo mongomukhulupirira. Ntchito yoyesa motere ankaitcha i'tibar m'Chiarabu.

Maso awiri, chithunzi chimodzi

Panali funso lina lokhudza thupi lenilenilo: tili ndi maso awiri, nanga n'chifukwa chiyani chinthu sitichiona pawiri? Iye anasema kathabwa kokhala ndi malo olowetsapo mphuno, n'kujambulapo mizere, n'kuimikapo timizati ta phula ta mitundu yosiyana. Munthu akayang'anitsitsa kamzati kapakati, kapafupi ndi kakutali tinkaoneka tiwiritiwiri. Akatseka diso limodzi, chithunzi chimodzi chinkasowa.

Izi tikhoza kuyesa pakhonde ndi ana athu madzulo ano. Imikani chala chimodzi pafupi ndi mphuno, china patali motambasula mkono. Yang'anitsitsani chakutalicho, ndipo chapafupi chioneka ngati ziwiri. Kuchokera pa zoterezi, komanso pa zimene madokotala analemba za mitsempha iwiri yochoka m'maso n'kukakumana kutsogolo kwa ubongo, Ibn al-Haytham anafotokoza kuti kuona sikuthera m'diso. Diso limalandira kuwala ndi mtundu, koma kuzindikira kuti ichi ndi bwato, chili kutali ndipo chikuyenda, ndi ntchito ya ubongo umene umayerekeza ndi zimene unaonapo kale. N'chifukwa chake maso amatha kutinyenga.

Kukayikira buku ndi kudzikayikira wekha

Analembanso buku lotchedwa al-Shukuk ala Batlamyus, losonyeza malo amene Ptolemy anadzitsutsa yekha. Kumayambiriro kwake anafotokoza kuti Allah sanateteze anthu ophunzira ku zolakwa, choncho wofunafuna choona ayenera kufufuza mbali zonse za zimene akuwerenga, komanso kudzikayikira iye mwini kuti asakondere kapena kudana ndi wolemba popanda chifukwa. Ptolemy ankamulemekeza, mabuku ake ndiwo ankamudyetsa, koma ulemuwo sunamuletse kuyesa zimene ananena.

Nayenso analakwitsa. Ankaganiza kuti mbali ya diso imene imamva kuwala ndi mandala a m'kati mwa diso. Mu 1604 Johannes Kepler wa ku Germany anasonyeza kuti mandalawo amangosonkhanitsa kuwala, ndipo chithunzi chimagwera chozondoka pa kachikopa ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina. Izi ndi zimene ana athu amajambula m'makope mwawo lero. Kepler anafika pamenepo ataphunzira zimene Ibn al-Haytham anayala, pakuti Kitab al-Manazir inamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200 ndipo inasindikizidwa ku Basel mu 1572, dzina la mwini wake litasanduka Alhazen. Njira imene anaphunzitsa ndi yomwe inadzakonza cholakwa chake.

Anamwalira ku Cairo cha m'ma 1040, atalemba mabuku oposa 90, ndipo oposa 50 alipo mpaka lero. Patapita zaka zoposa 250, Kamal al-Din al-Farisi wa ku Persia anapitiriza ntchito yake ndipo anafotokoza za utawaleza poyesa ndi galasi lobulungira lodzaza madzi. Mu 2015, chomwe bungwe la United Nations linachitcha Chaka cha Kuwala, dziko lonse linakumbukira buku lake, ndipo chigwa china cha pamwezi chimatchedwa Alhazen.

Zikutikhudza bwanji kuno kunyanja?

Ana athu akafika Fomu 4 amalemba mayeso a MSCE, ndipo Biology ili ndi pepala la practical limene limafuna kuti mwana agwire, ayang'ane, ayeze ndi kulemba zimene waona. Masukulu ambiri a CDSS alibe labotale yokwanira, choncho ana amazolowera kuloweza zotsatira za m'buku. Mwana wotero amadziwa yankho koma sadziwa kumene linachokera, ndipo funso likasintha pang'ono amasowa pogwira.

Ibn al-Haytham anagwira ntchito yaikulu ndi nyali, kabowo, kathabwa ndi phula. Ifenso tili ndi zokwanira pakhomo. Tengani zitini ziwiri zofanana, dothi lofanana, mudzale nyemba 10 m'chilichonse. Zikamera, chimodzi muchiike m'katoni yotseka yokhala ndi bowo limodzi m'mbali, china m'katoni yotsegula pamwamba. Madzi akhale ofanana, malo akhale amodzi. Mwana alembe kaye zimene akuganiza kuti zichitika, kenaka tsiku lililonse aziyang'ana, kuyeza ndi rula ndi kulemba. Adzaona yekha mbewu za m'katoni yotsekayo zikupindikira ku bowo kutsata kuwala. Chitini chachiwiricho n'chofunika kwambiri, chifukwa popanda choyerekezera sitingadziwe ngati kuwala ndiko kwapinda mbewu kapena nyemba zimangomera choncho.

Ndipo ngati pa nyemba 10 zamera 7, mwana alembe 7. Ngati zotsatira zasemphana ndi buku, asafufute. Afunse chifukwa chake: kodi katoni inali ndi mng'alu wina? Kodi mbewu zina zinali zofumbwa? Kenaka ayesenso. Kulemba nambala imene sunaipeze ndi bodza, ngakhale likhale la m'kope la sukulu, ndipo tonse tikudziwa malo a bodza m'chipembedzo chathu. Mwana amene wazolowera kukonza zotsatira kuti asangalatse aphunzitsi ndi amene mawa, ali pa makina oyezera magazi kuchipatala, adzalembe kuti munthu alibe malungo asanayang'ane bwino.

Makolo tili ndi mbali yathu. Mwana akafunsa chifukwa chimene nkhungu zimatulukira panyanja ngati utsi, kapena chifukwa chimene usipa umatsatira nyali, kapena chifukwa chimene chinangwa chowawa timachiviika masiku angapo tisanasinje ufa wa kondowole, tisamuthamangitse kuti akulongolola. Timufunse kuti iye akuganiza bwanji, ndipo angadziwe bwanji ngati ganizo lakelo n'loona. Atsikana ndi anyamata omwe apatsidwe mpata umenewu, ndipo nthawi ya madrasa ndi ya sukulu zigawidwe bwino kuti china chisaphe chinzake.

Ena mwa agogo athu ankaopa sukulu chifukwa m'masiku a atsamunda zambiri zinali za mishoni, ndipo ankada nkhawa kuti ana ataya chipembedzo. Mantha amenewo anali ndi chifukwa chake pa nthawiyo, koma anatisiya m'mbuyo. Mwana wathu akaima pa tebulo la practical ndi tsamba ndi botolo la ayodini m'manja, adziwe kuti akuyenda m'njira imene munthu wokhala pakhomo la mzikiti wa al-Azhar anathandiza kulambula zaka 1,000 zapitazo. Tikupempha Allah kuti amukhululukire Ibn al-Haytham, ndi kuti awapatse ana athu maphunziro opindulitsa ndi mtima wonena zoona. Ameen.