Cyril Smith: dzanja lidafa, luso lidatsala

Sitiroko idamugwira Cyril Smith m'chaka cha 1956 ali paulendo wokaimba ku Soviet Union, ndipo dzanja lake lamanzere lidafa. Kwa katswiri wa piyano, apa mpomwe ntchito ikadathera.

Koma mkuluyu, yemwe adabadwa mu 1909 ku Middlesbrough m'dziko la England, sadagwe mphwayi. Kuyambira mu 1941, iye ndi mkazi wake Phyllis Sellick ankaimba limodzi pa mapiyano awiri. Atapezako bwino, adapitiriza ndi manja atatu: awiri a mayiwo, limodzi la bambowo.

Mu 1969, Malcolm Arnold adawapekera nyimbo yapadera ya manja atatu, yomwe adaiimba koyamba mumzinda wa London.

Smith adamwalira mu 1974, koma nyimboyi ikuimbidwabe mpaka lero.