H.G. Wells, mlembi yemwe adafuna kugonjetsa nkhondo ndi tizidole ta asilikali

Anthu ambiri amawadziwa malemu Herbert George Wells ngati mlembi wa ku Mangalande yemwe adatchuka ndi nthano za sayansi, koma pali gulu lina la anthu lomwe limawakumbukira pa chifukwa china. Iwowa ndi amene adasindikiza malamulo osavuta a masewero a nkhondo ogwiritsa ntchito tizidole ta asilikali.

Buku lawo lotchedwa Little Wars, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1913, ndilo lidatsegula njira kwa anthu omwe masiku ano amasonkhanitsa mabuku a mbiri ya nkhondo, kupenta tiasilikali ndi kutindandalika pa tebulo kuti timenyane. Kwa anthu oterewa, a Wells ndiwo kholo la masewerowa.

Chodabwitsa n'chakuti mwini bukuli ankadana ndi nkhondo. Iwo ankakhulupirira kuti munthu amene walawa nkhondo ya zidole sangalakelakenso nkhondo yeniyeni. Patangotha chaka chimodzi chokha bukuli litatuluka, chikhulupiriro chimenechi chidakumana ndi mayeso aakulu.

A Wells adabadwa pa 21 September, 1866 m'tauni ya Bromley, m'chigawo cha Kent. Bambo awo, a Joseph Wells, adali ndi kasitolo kogulitsa mbale ndi makapu komwe sikankayenda bwino, ndipo banjali linkadalira kwambiri ndalama zomwe bambowo ankapeza posewera mpira wa cricket. Mayi awo, a Sarah, adagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera.

M'chaka cha 1874, ali ndi zaka 7, adathyoka mwendo ndipo adakhala chigonere kwa masabata angapo. Bambo awo ankawabwerekera mabuku ku laibulale ya m'deralo, ndipo apa m'pamene chikondi chawo pa kuwerenga chidayambira.

M'buku lofotokoza mbiri ya moyo wawo, lomwe lidatuluka mu 1934, a Wells adaulula kuti ali mnyamata ankakonda kuyenda okha m'misewu ndi m'timapiri ta ku Bromley akulingalira kuti ndi mkulu wa asilikali. Mumtima mwawo ankatchera mizinga, kulamula magulu ankhondo ndi kugonjetsa adani omwe anthu odutsa m'njira sankawaona.

Umphawi udafika pachimake bambo awo atathyoka ntchafu mu 1877 n'kusiya masewero a cricket. Mayi awo adabwerera ku ntchito ya m'nyumba, ku nyumba yaikulu yotchedwa Uppark, pamene mnyamatayo adamutumiza kukaphunzira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Southsea. Kumeneko ankagwira ntchito maola 13 pa tsiku ndipo adavutika mtima kwambiri kufikira adaisiya mu 1883.

Mwayi udawagwera mu 1884 pamene adapeza thandizo la maphunziro lokaphunzirira sayansi ku Normal School of Science mu mzinda wa London. Mmodzi mwa aphunzitsi awo adali katswiri wa sayansi ya zamoyo, a Thomas Henry Huxley. Adalandira digiri yawo mu 1890 ndipo adaphunzitsako sukulu, koma kudwaladwala kudawachititsa kuti atembenukire ku ntchito yolemba.

Ukwati wawo woyamba, ndi msuweni wawo Isabel, sudakhalitse. Mu 1895 adakwatira a Amy Catherine Robbins, omwe adabereka nawo ana aamuna awiri, George Philip mu 1901 ndi Frank mu 1903.

M'chaka chomwecho cha 1895 adatulutsa buku la The Time Machine, ndipo lidatsatidwa ndi The Invisible Man mu 1897 komanso The War of the Worlds mu 1898. Mabukuwa adawachotsa mu umphawi n'kuwasandutsa mlembi wodziwika m'mayiko ambiri.

Nkhani ya zida zankhondo sinkachoka m'zolemba zawo. Mu 1903 adalemba nthano yofotokoza za magalimoto achitsulo othyola malinga a adani, zaka 13 akasinja asadagwiritsidwe ntchito koyamba ku nkhondo. Mu 1908 adalemba za mizinda yomwe ikuphulitsidwa kuchokera mlengalenga, pa nthawi yomwe ndege zidali zitangoyamba kumene kuuluka.

Masewero a tiasilikali adayambira kunyumba kwawo ku Sandgate, m'mphepete mwa nyanja. Tsiku lina mnzawo, mlembi wa nthabwala Jerome K. Jerome, atadya nawo nkhomaliro, adaona tizidole ta ana a Wells pamodzi ndi kamzinga kake. Mlendoyo adakoka mpando, n'kuyamba kuwombera tiasilikalito kamodzikamodzi, ndipo posakhalitsa akuluakulu ena adalowerera.

Zidole zoterezi zidali zitachuluka ku Mangalande kamba ka kampani ya Britains, yomwe mu 1893 idatulukira njira youmbira tiasilikali ta mtovu tokhala ndi mphako m'kati. Njirayi idatsitsa mtengo kotero kuti mabanja ambiri ankatha kugula timagulu tathunthu topentapenta kale, kalikonse kotalika mamilimita 54. Kampaniyi inkapanganso kamzinga ka sipuling'i komwe kankaponya kachipolopolo ka mtengo molunjika ndithu.

A Wells adaona kuti kungowomberana popanda lamulo kumatopetsa msanga. Choncho iwo ndi anzawo adayamba kuyesa malamulo osiyanasiyana, kuwasintha ndi kuwayesanso. Poyamba ankaunjika mabuku akuluakulu pansi kuti akhale mapiri, koma pambuyo pake adayamba kugwiritsa ntchito matabwa, timitengo, tinyumba ta makatoni ndi choko chojambulira mitsinje.

Malingana ndi malamulowo, masewero asadayambe ankatchinga katani pakati pa bwalo kuti wina asaone mmene mnzake akuyalira gulu lake. Katani ikachotsedwa, osewera ankasinthana mpata. Msilikali woyenda pansi ankaloledwa kusuntha masentimita 30 pa mpata umodzi, pamene wokwera pa kavalo ankasuntha masentimita 60, ndipo mtunda ankauyeza ndi tizingwe.

Mzinga unkagwira ntchito pokhapokha pali asilikali osachepera anayi pafupi nawo, ndipo unkaloledwa kuwomba kanayi pa mpata umodzi. Kasilikali kalikonse kogwetsedwa ndi chipolopolo kankawerengedwa kuti kafa. Magulu awiri ofanana chiwerengero akakumana maso ndi maso, onse ankafa, koma kagulu kochepa kakapezeka patali ndi anzake, ena ankafa ndipo otsalawo ankagwidwa.

Padalinso lamulo la nthawi. Wosewera ankapatsidwa pafupifupi mphindi imodzi yosunthira asilikali 30 ndi mphindi ina pa mzinga uliwonse. Kamba ka changu, anthu anzeru zawo ankaiwala mizinga m'mbuyo, kusiya asilikali poyera kapena kuunjika gulu lonse panjira yopapatiza.

Masewero a nkhondo sadayambe ndi a Wells. Asilikali a dziko la Prussia adayamba mu 1824 kuphunzitsira akuluakulu awo masewero otchedwa Kriegsspiel, omwe adakonzedwa ndi a Georg von Reisswitz, ndipo mayiko ena adatengera njirayi Prussia itagonjetsa France mu 1871. Koma amenewo adali maphunziro a asilikali, ochitikira pa mapu, okhala ndi woweruza komanso masamu ambiri. Chatsopano chomwe a Wells adabweretsa chidali malamulo omwe bambo ndi mwana wake akadatha kuwamvetsa madzulo amodzi.

Atatulutsa buku la Floor Games mu 1911, lofotokoza za masewero omwe ankachita ndi ana awo pansi m'nyumba, adatsatiza ndi Little Wars. M'bukuli muli chitsanzo cha nkhondo yongopeka yotchedwa Hook's Farm, ndipo zithunzi zake adajambula ndi akazi awo.

Mutu wotsiriza wa bukuli ndi umene udanyamula uthenga wawo. Iwo adafotokoza kuti nkhondo ya zidole ili ndi chikoka chonse cha nkhondo, monga kukonza mapulani, mantha ndi chisangalalo cha kupambana, koma siisiya maliro kapena mabwinja. Adaonjezera kuti ngati anthu ochenjera amasokonezeka poyendetsa tiasilikali tochepa m'chipinda, ndiye kuti palibe munthu amene angayendetse bwino miyandamiyanda ya asilikali amoyo. Adafika polakalaka kuti mafumu ndi nduna zokonda nkhondo azitsekeredwa m'nyumba imodzi yodzadza ndi zidole kuti azimenyana m'menemo, anthu wamba n'kumakhala pa mtendere.

Mu August 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka, ndipo munthu yemwe adalemba mawu amenewa adaikira kumbuyo dziko lake. Adalemba nkhani m'manyuzipepala zonena kuti mphamvu zankhondo za Germany ziyenera kuthyoledwa kuti mtendere ukhazikike, ndipo adazisonkhanitsa m'buku lotchedwa The War That Will End War. Mutu wa bukuli udafala kwambiri, ndipo anthu ochuluka adakhulupirira kuti imeneyi idali nkhondo yotsiriza.

Nkhondoyo sidathere ku Ulaya kokha. Mu September 1914 idafika ku Karonga, komwe asilikali a King's African Rifles adalimbana ndi gulu lotsogozedwa ndi Ajeremani, ndipo m'zaka zotsatira amuna zikwizikwi a m'dziko la Nyasaland adatengedwa kukasenza katundu wankhondo pa ntchito ya mtengatenga. Ambiri sadabwerere kwawo, ndipo chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa za asilikali omwe adatsikira kuli chete.

Pofika 1916 mtima wa a Wells udali utayamba kutembenuka. M'buku la Mr Britling Sees It Through adalemba za bambo wa ku Mangalande yemwe mwana wake wafera ku nkhondo, ndipo bamboyo akuyesa kulembera kalata makolo a mnyamata wa ku Germany yemwenso waphedwa. Mu 1918 adagwirako ntchito mu nthambi ya boma yofalitsa mauthenga ofooketsa adani, koma adatula pansi udindo patangotha miyezi yochepa. Pambuyo pake adavomera poyera kuti chiyembekezo chawo cha 1914 chidali cholakwika.

Zaka zotsala za moyo wawo adazithera pa kufunafuna njira yopewera nkhondo ina. Poona kuti ana a dziko lililonse amaphunzitsidwa mbiri yotamanda mtundu wawo wokha, adalemba The Outline of History mu 1920, buku lofotokoza mbiri ya anthu onse ngati banja limodzi, ndipo lidagulidwa makope oposa 2 miliyoni. Adakumana ndi Lenin mu 1920, kenaka Roosevelt ndi Stalin mu 1934, pofuna kuwakopa kuti mayiko azigwirira ntchito limodzi.

Machenjezo awo sadamveke. Chipani cha Nazi chidatentha mabuku awo mu 1933, chaka chomwe iwo adalosera m'buku lina kuti nkhondo yachiwiri idzayamba mu 1940 pa mkangano wa Germany ndi Poland. Idayamba mu September 1939. Mu 1940 adatulutsa The Rights of Man, chimodzi mwa zolemba zomwe zidakonza njira ya chikalata cha maufulu a anthu chomwe bungwe la United Nations lidavomereza mu 1948.

Ngakhale adali okalamba komanso odwala matenda a shuga, a Wells adakana kuthawa mu London pamene ndege za Germany zinkaphulitsa mzindawu. Adakhala ndi moyo mpaka kumva za bomba la atomiki lomwe lidagwa ku Hiroshima mu August 1945, chida chomwe iwo eni adachitchula dzina m'nthano yawo ya The World Set Free mu 1914.

Adamwalira kunyumba kwawo ku London pa 13 August, 1946 ali ndi zaka 79. Thupi lawo lidatenthedwa ndipo phulusa lake adakalimwaza pa nyanja, kufupi ndi gombe la Dorset.

Masewero awo sadafe nawo. Mu 1957 a Jack Scruby a ku California adayamba kusindikiza magazini ya okonda masewerowa, ndipo mu 1962 a Donald Featherstone a ku Southampton, omwe adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, adatulutsa buku la War Games lomwe lidakopa anthu ambiri. Ku America, a Gary Gygax adachokera ku masewero a tiasilikali pokonza Dungeons & Dragons mu 1974, ndipo ku Mangalande kampani ya Games Workshop idatulutsa Warhammer mu 1983.

Zambiri zasintha chichokereni masiku a ku Sandgate. Kampani ya Britains idasiya kupanga tiasilikali ta mtovu toseweretsa ana mu 1966, mwa zina kamba ka kuopsa kwa mtovu pa umoyo. Osewera amakono amagula tizidole tosapenta, ndipo amatha maola ambiri ndi kaburashi kakang'ono akupenta malaya, malamba ndi mbendera. Pofuna kuti asalakwitse mtundu wa yunifomu kapena kayalidwe ka gulu pa nkhondo inayake, amasonkhanitsa mabuku a mbiri ya nkhondo mpaka kudzadza mashelefu. Kamzinga ka sipuling'i kadalowedwa m'malo ndi madayisi, popeza palibe amene angalole kuti ntchito yake ya masabata angapo ikandike ndi chipolopolo.

Akuluakulu adati nkhondo simanga mudzi, ndipo a Wells adafuna kuti anthu aphunzire zimenezi pa tebulo m'malo mokaziphunzirira kumanda. Atsogoleri a nthawi yawo sadawamvere, koma buku la Little Wars likusindikizidwabe patatha zaka zoposa 100, ndipo masewero akatha tiasilikali tonse, takufa ndi tamoyo tomwe, timabwerera m'bokosi.